Mango Akakana Kuchita Maluwa: Malangizo kwa Alimi a m'Mbali mwa Nyanja ku Salima

Mu Ogasiti, mukamachoka pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay, kapena kutsika ndi msewu wa M5 kupita ku Chipoka, mitengo ya mango imakhala itasintha mtundu. Nsonga iliyonse yasenza ngala ya maluwa, ntchentche ndi njuchi zili piringupiringu. Koma pakati pa mitengoyo simulephera kupezapo umodzi uli biriwiri, wonenepa kuposa inzake yonse, duwa ngakhale limodzi ayi. Mwini wake amafika kwa alangizi mu Novembala, anzake akumangirira madengu panjinga, n'kumafunsa mankhwala opopera. Nthawi imeneyo madzi amakhala atafika kale m'khosi. Maluwa a mu Ogasiti amakonzeka kapena kuonongeka pakati pa Januwale ndi Juni.

Mfundo yaikulu ndi iyi: mango amatulutsa maluwa pansonga penipeni pa nthambi, ndipo nsongayo iyenera kukhala yokhwima, yoti inaphuka kalekale n'kukhala duu miyezi 4 kapena 5 osatulutsanso masamba atsopano. Kukazizira mu Juni ndi Julayi, nthaka itauma, nsonga yopumayo ikadzuka imadzuka ndi maluwa. Nsonga yanthete, ya masamba ofiirira aja, ikadzuka imadzukanso ndi masamba. Choncho chilichonse chimene chimachotsa nsonga, kapena kuidzutsa nthawi isanakwane, chimakulandani mango.

1. Yambani mwadziwa chimene chinachitikadi

Mawu akuti "mtengo wanga sukubereka" amabisa mavuto atatu osiyana. Pali mtengo umene sunatulutse maluwa n'komwe. Pali umene unatulutsa, maluwawo n'kuuma kapena kuda. Ndiye pali umene unagwira timango, timangoto n'kuyoyoka tili ngati nsawawa. Loyambalo limachokera ku zaka za mtengo, kadulidwe, feteleza, madzi ndi mthunzi. Awiri enawo nthawi zambiri ndi matenda, mphepo ndi ludzu. Pitani pamtengopo kawiri pa sabata kuyambira pakati pa Julayi mpaka Sepitembala, muziona nokha.

Musadabwe ndi kuyoyoka kulikonse. Ngala imodzi imakhala ndi timaluwa mazanamazana, nthawi zina kupitirira 1,000, ndipo tambiri mwa ito n'tatimuna, tosabala. Ngala ikakusiyirani bango limodzi kapena awiri, yagwira ntchito yake.

2. Funsani zaka za mtengo ndi kumene unachokera

Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4. Womera ku njere umafuna zaka 5 mpaka 8, ena kupitirira apo. Ambiri amene amadandaula amakhala kuti akungofulumira.

Pa njere pali msampha wina. Mango athu a makolo, monga Boloma, Dodo, Domasi ndi Kalisere, njere yake kawirikawiri imatulutsa mbande zingapo ndipo zambiri mwa izo zimatengera make. Si choncho ndi Kent, Keitt, Haden ndi Tommy Atkins, mitundu yochokera ku Florida m'dziko la America. Mukadya Kent wokoma n'kukwirira njere yake kuseri kwa nyumba, chimene chidzamere ndi mwayi chabe: mwina mtengo wochedwa kubereka, mwina wa zipatso zaulusi.

Ngati munagula mbande yomezanitsa koma zaka 6 zatha kuli zii, gwadani muone pachilonda pomwe anamezera. Kuno mbuzi n'zambiri. Mbuzi ikadya kamtengo kakumwamba kaja, tsinde lapansi limaphukira mwamphamvu, mwini wake n'kumasamala mtengo wa njere akuyesa ndi Kent. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa chilondacho muziithyola ikangooneka.

3. Dulirani mukangotha kukolola, osati mu Juni

Apa ndiye pamene ambiri timadzilasa tokha. Ntchito ya kumunda imachepa mu Meyi ndi Juni, chimanga chili m'nkhokwe, mpunga wa ku Lifuwu wamwetedwa, ndipo m'pamene bambo amayang'ana mtengo wa pabwalo n'kuona kuti wafika padenga. Kuzizira nako kumafuna nkhuni. Amatenga chikwanje, kukwera, n'kusadza mbali zonse. Zomwe zagwa pansizo ndi nsonga zokhwima zija, zimene zinatsala ndi masabata ochepa kuti zimasule. Mtengo umabwezera ndi masamba atsopano okongola kwabasi, koma mango a chaka chimenecho apita pamoto.

Vutoli si lathu lokha. Ku Ulaya ndi ku America kuli kachitsamba ka maluwa achikasu kotchedwa forsythia, kamene kamamasula chisanu chikangotha, pa nthambi zomera chaka chathacho. Eni nyumba aukhondo amakameta bwinobwino chisanu chisanayambe, kenako n'kumadabwa kuti maluwa alowera kuti. Anameta okha. Lamulo lake n'limodzi ndi la mango: dulani nyengo ya maluwa ndi zipatso ikangodutsa, kuti nthambi zatsopano zipeze nthawi yokhwima.

Kwa ife izi zikutanthauza masabata awiri kapena atatu kuchokera tsiku lothyola bango lomaliza. Mitundu yoyambirira kupsa, nthawiyo ndi Disembala kapena Januwale. Kent ndi Keitt amachedwa, ndiye mwina mpaka Febuluwale. Malichi akatha, chikwanje chisakwerenso mumtengo, pokhapokha pochotsa nthambi youma kapena yothyoka.

Podulapo, chotsani nthambi zouma, zodwala, zopingasana ndi zokwawa pansi. Tsegulani pakati pochotsa nthambi imodzi kapena ziwiri zoloza kumwamba, kuti dzuwa lizilowa. Timapesi totsalira pomwe panali mango tidulidwenso. Musachotse masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi pa chaka chimodzi. Sowo ndiye yabwino. Chikwanje chimang'amba khungwa n'kusiya bala lolowera matenda. Poti nthawiyi ndi ya mvula, sankhani tsiku louma, ndipo mabala aakulu muwapake mankhwala a kopa.

Mtengo waukulu kwambiri, wa nthawi ya agogo, musaugwetse mutu tsiku limodzi. Dulani mbali imodzi chaka chino, inayo chaka chamawa, kuti pakhomo pasasowe bango.

4. Chepetsani chakudya chonenepetsa masamba

Mtengo wokhuta nayitirojeni umaiwala kubereka. Ambiri amakana kuti sanathirepo feteleza, koma mukayang'ana pamene mtengowo waima, yankho lili poyera. Uli pafupi ndi khola la ng'ombe kapena la mbuzi. Uli m'mbali mwa chimbudzi. Uli pakati pa munda wa chimanga womwe umalandira Urea chaka ndi chaka, ndipo Urea ndi nayitirojeni wa 46 pa 100. Kumadoko monga Senga Bay ndi Chikombe, madzi otsukira nsomba ndi zinyenyeswa za usipa wouma amazikhuthulira patsinde pa mtengo womwewo umene anthu amakhala pamthunzi pake. Zonsezi ndi feteleza. Mizu ya mango imayenda kutali kupitirira pomwe pathera mthunzi, ndiye imakazipeza ndithu.

Chizindikiro chake ndi masamba aakulu, obiriwira moderako, ndi mtengo wophukira mosalekeza ngakhale mu Meyi ndi Juni.

Mtengo wobereka udyetseni kamodzi, mukangodulira, mvula ikadalipo. Ndowa zingapo za manyowa owolerana bwino, molingana ndi kukula kwa mtengo, muzimwaze mozungulira pomwe pamagwera madontho a masamba, osati kuunjika patsinde. Phulusa la kukhitchini musataye kudzala: lili ndi potaziyamu, amene amathandiza maluwa ndi zipatso. Kuyambira Malichi musathirenso Urea kapena CAN. Koma musapitirire muyeso n'kuumana zonse: pamchenga wa m'mbali mwa nyanja chakudya chimakokoloka msanga, ndipo mtengo wa masamba achikasu, ang'onoang'ono, ndi wanjala. Umenewo ukufuna manyowa.

5. Ulekeni umve ludzu nthawi yake

Kuchokera pamene mvula yasiya mu Epulo mpaka ngala zitatuluka, mtengo waukulu usathiriridwe. Ludzu limeneli ndi limene limaugoneka kuti nsonga zikhwime. Onani maluwa a bougainvillea m'mipanda ya malo ogona alendo ku Senga Bay: amene ali pakona poiwalika, pouma gwa, ndiwo amayaka, amene ali pafupi ndi kapinga wothiriridwa tsiku ndi tsiku amangochuluka masamba ndi minga. Mango khalidwe lake ndi lomwelo.

Ndiye taonani kumene madzi a kubafa, a pamjigo ndi a pochapira amathera. Ngati ngalande yake imakathera pamtengo, ipatutseni kuyambira Meyi. Ndiwo zamasamba zothirira pansi pa mango m'miyezi yozizira ndi mdani winanso, chifukwa zimabweretsa madzi ndi feteleza nthawi imodzi.

Pali mitengo ina yoti simungaimanitse madzi. Ya m'madambo, ya m'mbali mwa Linthipe, ndi ya kufupi kwenikweni ndi nyanja mizu yake imamwa pansi chaka chonse. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndipo m'malo otere madzi apansi nawo amakwera. Mitengo ya pamenepo imadalira kuzizira kokha kuti ichite maluwa, choncho muyenera kusamala koposa pa kadulidwe ndi feteleza. Pobzala mitengo yatsopano, sankhani pamtunda.

Timango tikangogwira, nkhani imatembenuka. Sepitembala ndi Okutobala wa ku Salima ndi ng'anjo, ndipo mtengo wa pamchenga ukapanda madzi umataya ana ake. Apo thirirani ngati mungathe, kamodzi pa sabata koma mokwanira, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu kapena mapesi, kusiya mpata kuzungulira tsinde poopa chiswe. Mbande ndi timitengo tosayamba kubereka sitili m'gulu lomanidwa madzili.

6. Upatseni dzuwa

Mango samasula mumthunzi. Mitengo ikathithikana n'kugundana mitu, maluwa amangokhala pamwamba pokha pomwe palibe angafike. Siyani mamita 9 kapena 10 pakati pa mitengo. Ngati inabzalidwa kale mothinana, kapena inangodzimerera pomwe ana ankataya njere, chotsanipo ina. Bulugamu kapena keshya wophimba mango ndiye woyenera kusadzidwa.

7. Nyengo ndi mwera

Usiku ukamazizira kufika cha m'ma 15 digiri, mango amamasula mosavuta. Salima ali m'chigwa, pafupifupi mamita 500 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye kuzizira kwake n'kwa kanthawi, kosafanana ndi kwa ku Dedza kapena ku Dowa. Chaka chimene Juni ndi Julayi afunda, kapena mvula yagwa mochedwa n'kudzutsa masamba, maluwa amachepa m'dera lonse. Mukaona kuti mitengo ya anansi anu nayonso ili chimodzimodzi, musavutike kufunafuna cholakwa chanu.

Mwera umene umatsekereza asodzi pagombe umakunthanso maluwa. Umaumitsa timaluwa, kuthothola tina, ndipo tizilombo tonyamula mungu sitiuluka pamphepo yotero. Munda wa poyera ubzalidwe mzere wa mitengo kumbali ya kummwera chakum'mawa kumene mphepoyi imachokera, patali ndithu kuti isadzaphimbe mango.

8. Tetezani maluwa ku matenda

Maluwa akatuluka bwino kenako n'kuoneka ngati wina wawaza ufa woyera, n'kuuma, ngala n'kutsala ndodo yokha, imeneyo ndi nthenda imene alangizi amaitchula kuti powdery mildew. Imakonda nyengo yeniyeni ya maluwa: usiku wozizira, mame m'mawa, masana ouma. Ambiri amaiyesa fumbi, ena amanamizira mwera. Tengani ngala muigwedezere pachikhatho, muone.

Mankhwala ake ndi salufa wosungunula m'madzi. Chinsinsi chili pa nthawi: poperani ngala zikangotuluka, timaluwa tisanatseguke, n'kubwereza pakatha masabata awiri kufikira timango titagwira. Mukadikira kuti ufawo uyere mbee, mwachedwa. Poperani m'mamawa kapena madzulo, chifukwa salufa amawaula maluwa dzuwa likatentha.

Madontho akuda pamaluwa, pamasamba anthete ndi pazipatso ndi nthenda ina, anthracnose, yokonda chinyezi. Imeneyo imafuna kopa kapena Dithane M-45. Muyezo wake tsatirani zolembedwa papaketi, valani zodzitetezera, ndipo mpope musakatsukire m'nyanja kapena mumtsinje. Kunena zoona, mtengo wotalika ngati nyumba yosanja simungaupopere ndi mpope wa kumsana. N'chifukwa chake mtengo womezanitsa ndi bwino kuusunga pa mamita 4 kapena 5, ndipo mtengo wotseguka pakati sugwidwa kwambiri ndi matenda onse awiriwa.

9. Musaphe ntchentche pa nthawi ya maluwa

Mungu wa mango umanyamulidwa ndi tizilombo, ndipo ntchito yaikulu amagwira ndi ntchentche wamba, pamodzi ndi njuchi. Alimi a thonje a ku Chinguluwe ndi Khombedza amakhala ndi mankhwala otsala m'botolo, ndiye akaona tizilombo tili wirikiti pamaluwa amati tapeza ntchito. Mukapopera Cypermethrin maluwa ali otseguka, mwapha antchito anu. Ntchentche yoboola zipatso n'kusiyamo mphutsi ndi ina, ndipo nkhondo yake imabwera mango akamakula: kutola ogwa onse n'kuwakwirira mozama.

10. Moto ukhale kutali

Kusesa masamba n'kuwatentha patsinde, mu Ogasiti, ndi chizolowezi choipa. Lawi limawaula maluwa a nthambi zam'munsi, limapsereza khungwa, ndipo masamba omwe akanaphimbira nthaka amasanduka utsi. Lambulani mozungulira munda moto wa osaka mbewa usanayambe.

Mwina munamvapo kuti utsi umachititsa mango maluwa. Pali choonadi pang'ono: alimi a ku Philippines kale ankafukiza mitengo yawo masiku ambiri motsatizana maluwa asanatuluke. Imeneyo inali ntchito yotopetsa, ya utsi wopanda lawi, ndipo iwo omwe anaisiya.

11. Mtengo wopumira chaka

Mango ambiri, makamaka akuluakulu a makolo, amabereka mothyola nthambi chaka chino, chaka chamawa n'kungolawitsa. Zipatso zochuluka zimatha chakudya chosungidwa mumtengo, ndipo nsonga imene yabereka siphukira msanga. Simungathetse khalidweli, koma mungalichepetse. Kololani pa nthawi yake osasiya mango akulendewera mpaka kuolera mumtengo, dulirani ndi kudyetsa nthawi yomweyo. Kakololedwe kathunso n'kofunika kukaunika. Kugenda ndi miyala, kukwapula ndi nsungwi ndi kugwedeza nthambi kumathyola nsonga ndi kuvulaza khungwa. Mangirirani kathumba ndi kawaya kunsonga ya nsungwi, muzithyolera mmenemo. Ogula a ku Lilongwe nawonso safuna bango lophwanyika.

12. Za kutema tsinde, misomali ndi mankhwala okakamiza

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mtengo wa zipsera za nkhwangwa patsinde. Akuluakulu amati mtengo waulesi umafunika kuuopseza. Sindiwaseka, chifukwa nthawi zina zimathekadi, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira kumizu kudzera m'khungwa. Khungwa likadulidwa, chakudyacho chimaunjikana kumtunda, kuphukira kumaima, maluwa n'kubwera. Vuto ndi nkhwangwayo. Imalowa mpaka m'thupi la mtengo, n'kutsegulira njira chiswe, nankafumbwe wa mitengo ndi kuola.

Ngati mwayesa zonse zili pamwambazi ndipo mtengo wamkulu, wathanzi, ukungochita masamba, yesani mwaulemu. Cha mu Epulo, sankhani nthambi ziwiri kapena zitatu, osati tsinde. Ndi mpeni wakuthwa kapena sowo, lembani mzere wozungulira nthambi, wopyapyala ngati kukhuthala kwa sowo yomweyo, wodula khungwa lokha. Balalo lizitha kupola lokha m'miyezi yochepa. Musabwereze pa nthambi yomweyo chaka chotsatira, ndipo mtengo waung'ono kapena wodwala musauyerekeze. Za misomali ndiye iwalani. Msomali umangodikira kudzaononga sowo ya mdzukulu wanu.

Minda ikuluikulu ili ndi njira zina. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa ku Philippines, Ramon Barba, anapeza kuti kupopera potassium nitrate kumatulutsa maluwa a mango, ndipo ndi zimene zinathetsa kufukiza kuja. Palinso paclobutrazol, wothira m'nthaka kuti mtengo usiye kuphukira. Koma potassium nitrate sagwira mofanana pa mitundu yonse, ndipo pa nsonga yanthete sachita kanthu. Paclobutrazol akachuluka amapinimbiritsa mtengo zaka zingapo. Musagule botolo losalembedwa pamsika poti wogulitsa walonjeza. Yambani mwafunsa mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya kwanu, kaya ndi Tembwe, Chipoka, Khombedza kapena Matenje.

13. Ukakanika, usintheni mutu

Mtengo wa njere wopitirira zaka 10 umene sunaonetsepo duwa, kapena wobereka timango towawasa topanda msika, usagwetsedwe msanga. Mizu yake ndi chuma chimene mbande yatsopano ingatenge zaka kuti ikhale nacho. Njira yake ndi kumezanitsa pamtengo waukulu, ndipo ku Salima si yachilendo: kampani ya Malawi Mangoes, yomwe ili ndi minda ndi fakitale m'bomali, yakhala ikugwiritsa ntchito njirayi pa mitengo ya alimi ang'onoang'ono.

Dulani nthambi zikuluzikulu pa msinkhu wa m'chiuno kapena pachifuwa, kusiya imodzi yoti izidyetsa mtengo. Pakani laimu pa tsinde ndi zitsa kuti dzuwa lisawaule khungwa. Mphukira zikakula ngati pensulo, sankhani ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, n'kumezapo timitengo tochokera ku mtengo umene mwauona ndi maso anu ukubereka bwino, osati wongouzidwa. Mangani ndi pulasitiki, thyolani mphukira zina zonse, ndipo zomezazo zikagwira n'kulimba, chotsani nthambi munasiya ija. Pakatha zaka 2 kapena 3 mudzayamba kuthyola. M'zaka zimenezo tchingirani ndi minga kapena mpanda wa bango, chifukwa mphukirazo zili pa msinkhu woti mbuzi ikaima ndi miyendo iwiri imafikapo.